Sefuliya Yaikulu ndi Botolo Lotseka: Za Tizilombo Tosafuna Mpweya

 Pa misonkhano yotere tazolowera kukamba za ufulu ndi udindo wa nzika, za kasungidwe ka chuma cha gulu, ndi za kasankhidwe ka atsogoleri. Lero tilowa kukhitchini. Ndikudziwa kuti abambo ena ayamba kale kuganiza kuti nkhaniyi ndi ya amayi. Pirirani pang'ono abambo, chifukwa mbuzi ya paukwati mumapha ndinu, ndipo nthawi yoti chakudya chigawidwe mumalengeza ndinu.

Tiyeni tiyerekeze chonchi. Pamudzi pali ukwati Loweruka. Amayi ayamba kuphika Lachisanu usiku poopa kuchedwa. Pamene tambala woyamba akulira, nyama yapsa bwino lomwe, yaphulidwa, ndipo masefuliya aakulu avundikiridwa n'kuikidwa m'nyumba kuti agalu ndi ntchentche zisafikeko. Kutchalitchi mwambo watalika. Kenaka kujambulitsa, kenaka perekaniperekani. Anthu akuyamba kudya cha m'ma 3 koloko masana, ndiwo zikadali zofunda pang'ono, zokoma, zopanda fungo lililonse loipa. Pofika pakati pa usiku, m'nyumba zambiri anthu ali piringupiringu kuthamangira kuchimbudzi, m'mimba mukupotokola. Kukamacha funso lili pakamwa pa aliyense ndi limodzi: watithira mankhwala ndani? Ndipo dzina silichedwa kupezeka. Kawirikawiri limakhala la mayi amene anakanganapo ndi eni ukwati, kapena la gogo wina amene anaoneka akudutsa pafupi ndi mafuwa.

M'Buku Lachiwiri la Mafumu, mutu 4, timawerenga kuti pa nthawi ya njala mneneri Elisa anauza mnyamata wake kuti atereke mphika waukulu aphikire gulu la aneneri ku Giligala. Chakudyacho chinapezeka kuti n'chakupha. Munalibe mdani m'nkhaniyo. Amene anatchera zipatso zakuthengo n'kuziika mumphika anali mmodzi wa iwo, wofuna kuthandiza, koma sanadziwe chimene anatola. Lero ndikufuna tidziwe chimene chimachitika m'miphika yathu yaikulu, kuti tisadwalitse anthu mosadziwa, ndiponso kuti tisasenzetse mlandu munthu wosalakwa.

Moyo wopanda mpweya

Ife anthu, ziweto zathu, ngakhale nsomba za m'nyanja, timakhala ndi moyo chifukwa cha mbali ina ya mpweya yotchedwa okosijeni. Moto nawonso umafuna okosijeni yemweyo, n'chifukwa chake mukauvundikira umazima. Thupi lathu limaotcha chakudya pang'onopang'ono ndi okosijeni kuti lipeze mphamvu. Tsono n'kwapafupi kuganiza kuti chinthu chilichonse chamoyo mukachitsekera m'botolo chimafa. Anthu ophunzira nawonso ankaganiza chomwecho, kufikira m'chaka cha 1861 pamene wasayansi wa ku France, Louis Pasteur, anaona zodabwitsa pa makina ake okuzira zinthu. Anali kuyang'ana kadontho ka madzi momwe munali mabakiteriya. Tizilombo tomwe tinali m'mphepete mwa kadonthoko, pafupi ndi mpweya, tinaleka kuyenda, pamene tomwe tinali pakati, kutali ndi mpweya, tinali kusambira mwamphamvu. Apa anazindikira kuti pali zamoyo zina zimene mpweya umazipweteka.

Kodi tizilombo timeneti timapeza bwanji mphamvu? Sitiotcha chakudya monga ife. Timachisasitsa. Amayi amene amadziwa kuphika thobwa kapena kuika mkaka kuti ukhale chambiko akuidziwa ntchito imeneyi: kachilombo kamadya shuga kapena nyama, kamatengamo mphamvu pang'ono, n'kutaya zotsala, zimene ndi asidi ndi mipweya ina. Mipweya imeneyi ndiyo imatupitsa chitini choonongeka. Okosijeni akalowa m'thupi mwa chamoyo chilichonse amasiyamo tinthu tina toononga, monga momwe amachititsira dzimbiri pa khasu. Matupi athu ali ndi njira zochotsera tinthu timeneti. Tizilombo tikunenati tilibe chitetezo chokwanira chotere, kotero timafuna malo obisika: pansi pa nthaka, m'matope a m'nyanja, m'matumbo a anthu ndi a nyama, pakati pa nthuli ya nyama, pansi pa msuzi wolemera.

Banja lalikulu la tizilombo totere limatchedwa Clostridium. Mmodzi wa pabanjali mumamudziwa kale: ndi uja amayambitsa kafumbata, amene amakonda bala lakuya la msomali kapena mchombo wa khanda wopakidwa zinthu zauve, chifukwa mkati mwa bala lotere simufika mpweya. Lero tikamba za abale ake awiri amene amalowera kukamwa.

Mwina wina afunsa kuti, ngati mpweya umatipweteka, nanga timafika bwanji m'chakudya, poti dziko lonse ndi lodzala ndi mpweya? Yankho lake ndilo gwero la nkhani yonseyi. Zinthu zikafika poipa, kachilomboka kamadzimangira kanjere kolimba mkati mwake, kamene asayansi amakatchula kuti spore. M'kanjeremo mumakhala moyo wogona, wouma, wokutidwa ndi zikopa zingapo. Taganizirani njere za kaufiti zimene zimakhala m'munda zaka zambiri osamera, kudikira kuti mubzale chimanga. Njere za Clostridium n'zotero. Siziopa dzuwa, siziopa mpweya, ndipo zambiri siziopa madzi owira. Zili m'fumbi la pabwalo, pa mbatata yokumbidwa kumene, pa nyemba, pa nyama imene yakhudzana ndi matumbo posenda. Tonsefe timazimeza kawirikawiri osadwala, chifukwa njere yogona sipweteka munthu wamkulu. Vuto limayamba njereyo ikapeza malo omera tisanaidye.

Zimene zimachitika m'sefuliya

Tsopano tibwerere kuukwati kuja. Amayi ataika nyama pamoto, kutentha kunapha pafupifupi tizilombo tonse wamba, ndipo zimenezi n'zabwino. Koma moto womwewo unachita zinthu zina zitatu zimene sitiziona. Unathamangitsa mpweya wonse umene unali m'madzi. Timathovu tating'ono tija timayamba kukwera madzi asanawire ndi mpweya ukuthawa. Unapha tizilombo tina tonse timene tikanalimbirana chakudya ndi Clostridium. Ndipo unadzutsa njere zija, chifukwa kutentha kumazigogoda kuti zimere. Kotero pamene sefuliya inaphulidwa, mkati mwake munali nyama yofewa, msuzi wopanda mpweya, wopanda opikisana nawo, ndi njere zodzuka. Chimene chinatsala ndi chakuti kutentha kutsike.

Kachilombo kamene kamapezerapo mwayi apa dzina lake ndi Clostridium perfringens. Madokotala awiri, William Welch ndi George Nuttall, anakafotokoza m'chaka cha 1892 ku Baltimore, m'dziko la America. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100. Chakudya chikakhala pamwamba pa madigiri 60, kachilomboka sikangaswane. Chikatsika kufika pakati pa 43 ndi 47, kutentha koti mutha kupisamo chala osapsa, ndi pamene kamaswana mwaliwiro kuposa pafupifupi tizilombo tonse todziwika: kamodzi kamagawika kukhala tiwiri m'mphindi 10 zokha, mwinanso zosakwana. Amene muli ndi pensulo werengerani nane. Pakatha ola limodzi, kachilombo kamodzi kasanduka 64. Pakatha maola awiri, 4,096. Maola atatu, 262,144. Maola anayi, topitirira 16 miliyoni. Uku n'kuchokera pa kamodzi kokha, pamene m'sefuliya mumakhala njere zambirimbiri.

Kampoto kakang'ono ka pabanja kamazizira msanga, ndipo ndiwo zake zimadyedwa nthawi yomweyo. Sefuliya yophikira anthu 100 imasunga kutentha pakati pake maola ambiri, makamaka ikavundikiridwa n'kuikidwa m'chipinda. N'chifukwa chake matendawa amakonda kubuka pamene paphikidwa chakudya cha gulu: paukwati, pamaliro, pachinkhoswe, m'sukulu zogonera konko, m'ndende, ndi pamisonkhano ya mpingo ngati uno. Si kuti ophika pamalo otere ndi auve. Mayi akhoza kusamba m'manja ndi sopo kakhumi, kutsuka ziwiya mbee, koma njere zija zinabwera ndi nyama yomweyo. Chimene chimalakwika ndi nthawi imene imadutsa pakati pa kuphula ndi kudya.

Munthu akadya chakudya chotere amameza tizilombo tamoyo mamiliyoni. Tikafika m'matumbo timayamba kudzimangiranso njere, ndipo pochita zimenezo timatulutsa poizoni amene amapweteka khungu la mkati mwa matumbo. Pakapita maola 6 mpaka 24, munthu amamva kupotokola m'mimba ndi kutsegula kwa madzimadzi. Kawirikawiri sasanza ndipo thupi silitentha. Ambiri amachira pakatha tsiku limodzi ngati akumwa madzi okwanira ndi ORS. Koma kwa nkhalamba, kwa mwana wamng'ono, ndi kwa munthu amene thupi lake lafooka kale ndi matenda ena, kutha madzi m'thupi kwa usiku umodzi kungathe kumutenga.

Pali mtundu wina wa kachilombo komweka umene ndi woopsa kwambiri, chifukwa umaoletsa matumbo. M'zaka za m'ma 1960 madokotala anaupeza kumapiri a ku Papua New Guinea, kumene anthu ankapha nkhumba zambiri pa tsiku limodzi la phwando, n'kumagawana nyamayo masiku angapo. Amene ankafa kwambiri anali ana. Chifukwa chake chinali chakuti anawo masiku onse ankadya mbatata yokhayokha, osalawa nyama, nyemba kapena nsomba, kotero matupi awo analibe madzi okwanira ogayira nyama, amene akanaphwanyanso poizoniyo. Ndatchula zimenezi chifukwa ifenso tili ndi ana amene amaona nyama pa Khirisimasi ndi paukwati pokha, ndipo ndi ana omwewo amene timawapatsa zotsala za dzulo.

Za mpunga ndinene mwachidule. Uli ndi kachilombo kakekake kotchedwa Bacillus cereus, kamene kamakhala bwino pali mpweya kapena palibe, ndipo nako kali ndi njere zopirira moto. Mpunga wophika ukakhala nthawi yaitali uli wofunda, kachilomboka kamasiya poizoni mumpungamo, ndipo wodya amayamba kusanza pasanathe maola 6. Poizoni ameneyu saphwanyika ngakhale mutautenthetsanso kapena kuukazinga. Mpunga wa paukwati wogona m'beseni si wopatsa ana m'mawa.

Chiphe cha m'zinthu zotsekedwa

M'bale wachiwiri amapezeka mwa apo ndi apo, koma akapezeka amapha. Dzina lake ndi Clostridium botulinum. Dzinali likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza soseji, chifukwa kumwera kwa Germany anthu ankafa atadya masoseji osaphika bwino, ndipo dokotala wina, Justinus Kerner, analemba mwatsatanetsatane za matendawa cha m'ma 1820. Kachilombo kenikeniko kanapezeka chifukwa cha maliro. M'mwezi wa Disembala 1895, m'mudzi wa Ellezelles ku Belgium, gulu la oimba malipenga linakaimba pamaliro, ndipo mwambo utatha linakadya ntchafu ya nkhumba yosungidwa mumchere. Ambiri anadwala, atatu anamwalira. Pulofesa Émile van Ermengem atafufuza anapeza kuti ntchafu yakuphayo ndi imene inali pansi pa mbiya, yomira m'madzi amchere kumene sikunkafika mpweya, pamene ntchafu inzake ya nkhumba yomweyo, imene inali pamwamba, anthu anaidya osadwala. M'nyama yapansiyo ndimo anapezamo kachilomboka.

Kusiyana kwake ndi m'bale wake uja n'kwakuti uyu amapangira poizoni wake m'chakudya momwemo, ndipo poizoniyo ndi mmodzi mwa oopsa kwambiri amene anthu akuwadziwa. Kungolawa pang'ono chabe kungakwanire. Sapweteka m'mimba kwenikweni. Amalowa m'magazi n'kukatseka malo amene mitsempha imaperekera uthenga ku minofu. Kawirikawiri pakapita maola 12 mpaka 36, munthu amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope zimalemera n'kugwa, kukamwa kumauma, lilime limalemera, kumeza kumavuta. Kufooka kumatsika kuchokera kumutu kupita m'mikono ndi m'chifuwa, mpaka munthu kulephera kupuma. Thupi silitentha, ndipo nzeru zake zimakhala zili bwinobwino. Akumva zonse zimene mukunena. Mukuona nokha kuti matenda otere akagwa pamudzi, anthu anganene msanga kuti ndi zamatsenga, n'kutaya tsiku lonse kwa sing'anga. Tsiku limenelo ndilo lofunika. Pali mankhwala oletsa poizoniyu, koma amangogwira poizoni amene sanafike pa mitsempha. Sabweza zimene zaonongeka kale. Wodwala wotere amafunika kufika msanga kuchipatala chachikulu kumene kuli makina othandiza kupuma, ndipo omutenga anene zonse zimene anadya masiku atatu apitawo, ndi ena amene anadya naye.

Kodi ife zimenezi zingatigwere? Tamverani izi. M'chaka cha 1980 madokotala analemba za anthu asanu amene anamwalira ku Kenya atadya inswa. Inswa n'chakudya chabwino chimene makolo athu adya kuyambira kale. Chimene chinasintha n'chakuti inswazo zinamangidwa m'mapepala a pulasitiki n'kuyenda ulendo wa masiku angapo. Ku Alaska, kumpoto kwa America, eni nthaka ankasasitsa mitu ya nsomba m'maenje oyalidwa udzu, m'nthaka yozizira. Atayamba kuchita zomwezo m'ndowa za pulasitiki zotseka, matendawa anachuluka. Ku Cairo, m'dziko la Egypt, m'chaka cha 1991, anthu 18 anamwalira atadya nsomba zamchere zimene zinasungidwa zosatumbula. Matumbo a nsomba ndi malo opanda mpweya, ndipo njere za m'matope zimakhala momwemo. Ku South Africa, m'chaka cha 2002, ana awiri apachibale anamwalira atadya nsomba za m'chitini.

Mukaziika pamodzi nkhanizi muona chinthu chimodzi. Njira zakale zosungira chakudya zinali ndi nzeru yake ngakhale eni ake sankadziwa za tizilombo. Mfutso wa nkhwani ndi chitambe ndi wouma, ndipo popanda madzi njere sizimera. Usipa woyanika pathandala ndi chambo chong'amba n'kuwamba n'zouma ndiponso zili pampweya. Dengu, lichero ndi chikwatu cha masamba zimapuma. Zimene zabwera masiku ano, jumbo, bigiri, botolo la chotsekera cholimba, sizipuma. Si zoipa ayi, zimatithandiza kwambiri, koma tikaikamo chakudya chonyowa, chosawawasa, n'kuchisiya pamalo ofunda, tamumangira nyumba mdani uja. Nsomba zongowamba pang'ono zikadali zanthete, inswa zosakazinga, bowa wonyowa, nyama yofutsa mosakwanira, zisamangidwe m'jumbo kuti ziyende ulendo wautali.

Apa ndiyenera kulankhula ndi ife eni ake a zachitukuko, chifukwa ndife timalimbikitsa magulu a amayi kusunga zokolola m'mabotolo kuti apeze ndalama. Ntchitoyi ndi yabwino, koma ili ndi malire amene sitiyenera kuwadumpha. Kachilombo ka botulinum sikamera m'chakudya chowawasa kwambiri. Asayansi amati muyeso wa asidi ukakhala pansi pa 4.6 pa sikelo yawo, sikangakule. Sikameranso pamene shuga kapena mchere wachuluka kwambiri. N'chifukwa chake jamu wa zipatso wothira shuga wokwanira ndi madzi a mandimu amasungika bwino. Matimati ali m'malire, kotero amafunika kuthira mandimu kapena viniga. Koma nyemba, nandolo, chimanga chachiwisi, maungu, therere, bowa, nyama ndi nsomba zilibe asidi wokwanira. Njere za kachilomboka zimatha kupirira madzi owira kwa maola angapo. Kumafakitale amazipha potenthetsa zitini mpaka madigiri 121 m'makina opanikiza nthunzi, kutentha kumene sefuliya ya pamafuwa singafike ngakhale mutasonkhezera nkhuni tsiku lonse. Gulu limene lilibe makina otere lisaike zakudya zimenezi m'mabotolo. Liziumitse basi. Mlangizi amene akuphunzitsa kuwiritsa botolo la nyemba theka la ola n'kuliika pashelefu, mufunseni mwaulemu kuti njere zija wazipha bwanji.

Mafuta ophikira nawonso amatseka mpweya. M'chaka cha 1985 ku Vancouver, m'dziko la Canada, anthu oposa 30 anadwala matendawa chifukwa cha adyo wodulidwa amene anasungidwa m'mafuta kunja kwa firiji. Ambirife timakonda tsabola wa kambuzi wa m'botolo la mafuta, ndipo ena timagulitsa. Tsabola wamuwisi, adyo ndi anyezi zimachokera kumunda ndi fumbi lake. Kuwawa kwa tsabola si asidi ndipo sikupha njerezi. Ngati mukupanga, gwiritsani ntchito tsabola wouma, kapena muyambe mwamuviika mokwanira mu viniga. Apo ayi pangani wochepa woti athe msanga.

Za zitini lamulo lake n'losavuta. Chitini chotupa, chodontha, chadzimbiri kwambiri, kapena chophwanyika pamsoko, musagule ngakhale atatsitsa mtengo. Chimene chikutulutsa mpweya kapena thovu potsegula, musalawe kuti muone ngati chili bwino, ndipo musapatse galu kapena nkhuku. Chikwirireni mozama. Dziwaninso kuti nthawi zina chakudya chokhala ndi poizoniyu sichinunkha ndipo sichisintha maonekedwe. Mwayi umene tili nawo ndi wakuti, ngakhale njere zimapirira moto, poizoni wakeyo sapirira: kuwiritsa chakudya bwata bwata kwa mphindi 10 kumamuphwanya. Kotero chakudya chilichonse chosawawasa chimene chasungidwa chotsekedwa pakhomo chiwiritsidwe chisanadyedwe. Koma chimene mukuchikayikira kale, tayani.

Amayi oyamwitsa ndi azigogo, pali chinanso. Ndanena kuti njere yogona sipweteka munthu wamkulu. Kwa khanda si choncho. M'matumbo a mwana wosakwana chaka simunadzale tizilombo tabwino timene timatchinga malo, kotero njere ikalowa imatha kumera momwemo n'kupanga poizoni. Madokotala anazindikira zimenezi m'chaka cha 1976 ku California. Mwana amadzimbidwa, amalephera kuyamwa, kulira kwake kumafooka, khosi limalendewera. Uchi nthawi zina umakhala ndi njerezi. Ulimi wa njuchi tikuulimbikitsa, ndipo uchi ndi wabwino kwa ana okulirapo ndi akuluakulu, koma mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, kaya m'phala, kaya ngati mankhwala a chifuwa.

Tisanaloze chala

Ndibwerere ku funso lija lakuti watithira mankhwala ndani. M'mwezi wa Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu ochokera kumaliro anamwa mowa wamasese umene kumeneko amautcha pombe. Anthu oposa 200 anadwala ndipo 75 anamwalira. Mbiri imene inawanda, mpaka m'manyuzipepala a maiko akutali, inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima mowawo ndi ufa wake, anapeza poizoni wopangidwa ndi kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kanamera mu ufa wa chimanga woonongeka ndi madzi osefukira. Kachilombo kameneka si ka banja losafuna mpweya limene takambali, koma ndakatchula chifukwa cha chimene chinachitika m'mitima ya anthu. Kwa miyezi yambiri anthu ankayang'anana ndi diso lokayikira, pamene mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi wa omwalira.

Inu mafumu ndi atsogoleri a miphakati, nkhani yotere ikafika pabwalo panu, yambani ndi mafunso ena. Chakudyachi chinaphulidwa nthawi yanji, nanga chinadyedwa nthawi yanji? Chinasungidwa muti? Amene adwala anadya chiyani, ndipo amene sanadwale anasiya chiyani? Lembani maina a odwala ndi ola limene aliyense anayamba kumva. Zotsala za chakudyacho musataye, zisungeni pamalo oti ana ndi ziweto asafike, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku lomwelo. Anthu ali ndi ufulu wopempha kuti a zaumoyo afufuze, ndipo munthu amene akumuganizira ali ndi ufulu wosaweruzidwa popanda umboni. Ngati alipo amene wathiradi chiphe, kufufuza komweko ndiko kudzamuonetse.

Ndipo inu a komiti ya zophikaphika, mphamvu yaikulu ili m'manja mwanu pa tsiku lokonza dongosolo. Ambirife tilibe firiji, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'nyumba momwemo n'kokwanira kuti tizilombo tiswane. Choncho kwa ife njira yodalirika ndi moto ndi wotchi. Chakudya chophika chisakhale chophulidwa kupitirira maola awiri chisanadyedwe. Yambani mwagwirizana ola lodyera, ndipo muwerengere chobwerera kuti mupeze ola loyambira kuphika. Usiku amayi akhoza kusankha mpunga, kutema nkhuni, kutunga madzi ndi kusenda anyezi, koma nyama iphedwe ndi kuphikidwa m'mawa wa tsiku lomwelo. Pamaliro pamene anthu amadya masiku awiri kapena atatu, phikani kangapo m'miphika yocheperako. Mwambo ukachedwa, ndiwo zisaphulidwe; zikhale pamakala, zikutuluka nthunzi, ndipo wina azitakasa mpaka pansi kuti pasakhale mbali yozizira. Zimene zazizira zibwerere pamoto mpaka ziwire ponseponse, osati kungofunditsa, chifukwa kufunditsa ndiko kuzibwezera pa kutentha kuja kumene tizilombo timakonda. Kuwiritsa kotereku kumapha perfringens amene wamera, ngakhale sikuchotsa poizoni wa mumpunga uja. Pa bajeti ya phwando muikepo nkhuni zoonjezera za ntchito imeneyi, ndipo musankhe munthu mmodzi, wamwamuna kapena wamkazi, amene ali ndi mphamvu zopita kwa mkulu wa mwambo n'kumuuza kuti chakudya chapsa, zolankhula ziyambe zaima anthu adye.

Wapampando, ndikuona kuti nthunzi yayamba kutuluka kukhitchini kuja, ndipo sindikufuna kuti sefuliya ya lero izizire chifukwa cha ine. Mafunso tiyankhana tikatha kudya.